Komishoni ya pakamwa ndi maola osalipidwa: yankho kwa mchemwali wa ku Chibavi

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mumalandira makasitomala pa shopu ina ya mafoni m'tauni ya Mzuzu, kuyambira hafu 7 m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Malipiro ndi K180,000 pamwezi. Polembedwa ntchito abwana anakulonjezani komishoni yomwe simunaionepo, ndipo mwezi watha anakudulani ndalama chifukwa kasitomala wina anadandaula. Mukufunsa ngati ntchitoyi ingakupatseni zoposa pamenepa.

Ingathe, ndipo ndalama zina ndi zanu kale, kungoti simukuzilandira.

Tiyambe ndi maola, chifukwa apa ndi pomwe mukuluza kwambiri. Lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu asagwire ntchito maola oposa 48 pa sabata pa malipiro a masiku onse. Inu tsiku lililonse mukugwira maola 9 ndi theka, ndiye kuti 57 pa sabata. Maola 9 apamwambawo ndi ovataimu, ndipo gawo 39 la lamuloli likuti ola la ovataimu pa tsiku la ntchito lilipidwe kamodzi ndi theka. Akakuitanani pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, ola lililonse ndi kawiri. Tikagawa K180,000 ndi maola 208 a pamwezi (masiku 26 a maola 8), ola lanu likukwana pafupifupi K865, la ovataimu pafupifupi K1,300. Pa masabata anayi ndi maola 36, ndalama yoposa K46,000. Imeneyo ndi ndalama ya lendi, achemwali, ndipo mukuisiya pa kauntala mwezi ndi mwezi.

Za komishoni ndikuuzani mosabisa. Lonjezo la pakamwa nalonso ndi mgwirizano pamaso pa lamulo, koma kulitsimikizira kubwalo n'kovuta ngati abwana akana. N'chifukwa chake gawo 27 limakakamiza olemba ntchito kupereka kalata yofotokoza malipiro, kawerengedwe kake ndi maola a ntchito pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito. Ngati simunapatsidwe, ipempheni mwa kulemba, mwaulemu, ndipo mufunse kuti komishoni ndi zingati pa 100 iliyonse, ya malonda ati, imatuluka liti. Ngakhale atayankha pa WhatsApp, uthengawo ndi umboni. Musaufufute.

Kudulidwa malipiro chifukwa cha dandaulo la kasitomala ndiye kumandipweteka mtima, popeza kwafala kwambiri pa ntchito ngati yanuyi. Gawo 56 likuletsa abwana kulipiritsa wantchito chindapusa. Atha kukuchenjezani mwa kalata, atha osakulipirani tsiku lomwe mwajomba popanda chifukwa chomveka, atha kudula ndalama yobwezera katundu yemwe mwaononga. Kasitomala wokwiya chifukwa netiweki yavuta si katundu woonongeka. Ndalama ija ibwezedwe.

Muonenso pepala lanu la malipiro, lomwe muli ndi ufulu wolandira nthawi iliyonse akakulipirani. Ngati pali mzere wa penshoni, inu mumadulidwa 5 pa 100 iliyonse ndipo abwana amayenera kuikapo 10. Funsani ku kampani yosunga penshoniyo ngati ndalamazo zikufikadi.

Tsono chochita. Gulani kope laling'ono, muzilemba tsiku, nthawi yolowa ndi yoweruka, kuyambira mawa. Ngati pali buku losainira pakhomo kapena mumalowa mu kompyuta ndi dzina lanu, zimenezo zidzakuikirani umboni. Kenako lemberani abwana kalata yotchula ndalama zomwe mukufuna ndi mmene mwawerengera, kope lina musunge. Akapanda kuyankha, pitani ku ofesi ya Leba mu Mzuzu momwemo. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo wa Leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti mukambirane. Zikakanika, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya zantchito, lomwe lilinso mu Mzuzu. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu otere pa milandu, ali ndi ofesi mumzinda womwewo.

Ndikudziwa chomwe chikukuopsani: kuti mukangoyankhula, mawa lake pampando panu pakhala wina. Gawo 57 likunena momveka kuti kudandaula za abwana si chifukwa chochotsera munthu ntchito, komanso sangakuchotseni pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanakupatseni mpata wodziteteza. Akachita zimenezo, muli ndi miyezi itatu yokadandaula ku Leba. Musadzadikire kuti ithe.

Zinthu ziwiri zokha ndikupempheni: musasiye ntchito mwaukali, komanso musasaine pepala lililonse lonena kuti mwalandira zanu zonse musanalionetse kwa wa Leba kapena kwa loya.