Masiku khumi m'mapiri a ku Romania: tipite liti, tiyambire kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a kwathu amene akugwira ntchito ku Luton, ku Britain. Iwo ndi bambo akunyumba apeza tchuthi cha masiku khumi. Mnzawo wa kuntchito, yemwe kwawo ndi ku Romania, wakhala akuwaonetsa mavidiyo a anthu ovala zikopa za zimbalangondo akuvina mumsewu, ndiye mtima wawo wadyokoka. Mizinda ikuluikulu sakuifuna, akufuna timatauni ta m'mapiri ndi zikondwerero zake. Anditumiziranso mndandanda wa malo asanu ndi anayi, kuyambira ku Bran mpaka kumalire ndi Ukraine, ndipo funso lawo ndi lakuti apite mwezi uti ndipo ayambire kuti.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi mndandanda wanuwo: uchepetseni. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pamapu malo amenewa amaoneka ngati ali pafupipafupi, koma pakati pake pali mapiri a Carpathian, ndipo msewu umene mukuuyesa wa maola awiri umatha kudya masana onse, uku mukutsatira lole yonyamula mitengo kapena ngolo ya hatchi. Chikondwerero sichidikira mlendo. Choyamba sankhani tsiku, kenako chigwa chimodzi, mukhale komweko. Zina zonse zizungulire pa tsiku limenelo.

Zimbalangondo zimene munaonazo ndi za kumapeto kwa Disembala. Gule ameneyu kwawo kwenikweni ndi m'chigwa cha mtsinje wa Trotuș, m'boma la Bacău, ndipo chionetsero chotchuka chimachitika m'tauni ya Comănești cha pa 30 Disembala. Zikopazo zambiri ndi zenizeni, zolemera kwambiri, ndipo mabanja amazisunga ngati chuma. Ovinawo amatsatira ng'oma ndi mluzu wa wowatsogolera, chimbalangondo chimagwa ngati chafa, kenako n'kudzukanso, kusonyeza kuti chaka chakale chatha, chatsopano chabadwa. N'zochititsa chidwi ndithu, koma ndikuuzeni zoona: Comănești ndi tauni imene inakula ndi migodi ya malasha, si malo oti mungakhaleko masiku asanu mukusangalala. Ndi ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri, pakati pa khamu la anthu ojambula.

Ndikanakhala inu, masiku ambiri ndikanawapereka ku Maramureș, kumpoto kwenikweni, kumalire ndi Ukraine. Kumeneko mwambo sunatsekeredwe m'tsiku limodzi la chionetsero. Umayamba cha pa 20 Disembala, tsiku la Ignat, pamene mabanja amapha nkhumba ya Khirisimasi, n'kupitirira mpaka chaka chatsopano. Tchalitchi cha Orthodox cha ku Romania chimachita Khirisimasi pa 25 Disembala ngati ife, osati mu Januwale monga ku Russia kapena ku Serbia, choncho musasokonezeke. Usiku wa pa 24 magulu a ana ndi anyamata amayenda khomo ndi khomo kuimba nyimbo zotchedwa colinde, eni nyumba n'kuwapatsa buledi wopota, mtedza, maapozi kapena ndalama. Mwambo wa magulu a amuna oimba moteremu unalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2013. Pa 27 Disembala midzi yambiri imasonkhana m'tauni ya Sighetu Marmației, imene eni ake amangoti Sighet, ndipo mumsewu mumadzaza mahatchi okongoletsedwa, zovala za makolo, ndi “ziwanda” zovala zigoba za ubweya ndi nyanga, mabelu a ng'ombe ali lendelende m'chiuno.

Ndikudziwa chimene chidzakubwerereni m'mutu mukadzaona zigobazo, chifukwa nanenso chinandibwerera: Gule Wamkulu. Kufanana kulipo pamaso, koma musakutengere patali. Kumeneko kulibe dambwe, ndipo palibe chinsinsi chakuti wavalayo ndi ndani. Mnyamata amavula chigoba chake poyera, n'kuyatsa fodya, amayi ake n'kumupatsa chakumwa chotentha. Mukhoza kumujambula, bola mupemphe kaye, ndipo mukamuponyera kangachepe sakana. Chodabwitsa n'chakuti mu 2005, chaka chimene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu, inalemekezanso gule wa ku Romania wotchedwa Căluș, amene ali ndi malumbiro ndi zoletsa zake. Koma ameneyo ndi wa kumwera, kuzigwa, ndipo amavinidwa nyengo ya Pentekoste, choncho sali paulendo wanu uno.

Musagone ku Sighet masiku onse. Pezani pensiune, ndiye kuti nyumba ya alendo yoyendetsedwa ndi banja, m'mudzi ngati Breb, Botiza, Ieud kapena Vadu Izei, ndipo mulipiriretu msanga chifukwa anthu a ku Bucharest ndi ku Cluj nawonso amathamangira komweko pa Khirisimasi. Chimene chinandikhalira mumtima ine si perete wa pa 27 uja, ngakhale anali wokongola. Ndi usiku umene oimba analowa m'nyumba imene ndinkagona, nsapato zili ndi chipale, n'kuima mozungulira tebulo. Mwini nyumba, mayi wachikulire, anandikankha ndi chigongono kuti ndiimirire, n'kundipatsa mbale ya makeke kuti ndigawire oimbawo ngati mwana wa pakhomopo. Zoterezi simungaziike pa pulogalamu. Zimakupezani ngati mwakhala pamalo amodzi mpaka anthu kuyamba kukuzolowerani.

Masana muli zoona zambiri moti simudzasowa chochita. Matchalitchi amatabwa a ku Maramureș, asanu ndi atatu mwa iwo, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 1999. La ku Șurdești ndi lalitali kupitirira mamita 70 kukafika pamtanda, lonselo la mitengo. Ambiri amakhala okhoma, pachitseko pali nambala ya foni ya wosunga kiyi, ndiye mumaimba n'kudikira. Yang'ananinso zipata za m'makomo, zazitali, zosemedwa zingwe zopota ndi dzuwa. Kale chipata ndicho chinkanena za ulemu wa banja.

Ndiye pali manda a ku Săpânța, makilomita osakwana 20 kuchokera ku Sighet, amene amatchedwa “manda osangalala”. Kwa ife amene tinakula tikuuzidwa kuti kumanda sakuloza chala, malo amenewa amayamba akuzunguza mutu. Mmisiri wina wosema, Stan Ioan Pătraș, anayamba mu 1935 kupaka mitanda utoto wabuluu, kujambulapo womwalirayo ali pa ntchito yake, ndi kulembapo ndakatulo yaifupi ngati kuti wakufayo akudzilankhulira yekha. Iye anamwalira mu 1977, wophunzira wake n'kupitiriza, ndipo lero mitandayo ilipo mazanamazana. Wina akukama nkhosa, wina ali pa thirakitala, wina akuvomera kuti botolo ndilo linamutengera kuli chete. Wotchuka kwambiri ndi wa apongozi ena: mkamwini akuchonderera odutsa kuti asawadzutse, kuopa kuti angabwerere kunyumba kudzayambanso kumulalatira. Tengani foni yokhala ndi pulogalamu yomasulira, apo ayi mudzangoona utoto wokha. Koma kumbukirani kuti ndi manda enieni, anthu akuikidwabe mmenemo.

Ku Sighet komweko kuli malo ena osaseketsa. Ndende yakale imene boma la chikomyunizimu linatsekeramo atsogoleri andale, mabishopu ndi anthu ophunzira m'zaka za m'ma 1950 inasanduka nyumba ya chikumbutso. Iuliu Maniu, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo, anafera mmenemo mu 1953. Elie Wiesel, mlembi wachiyuda amene anapulumuka ku Auschwitz, msasa wopherako anthu wa Anazi, n'kudzalandira mphoto ya Nobel, anabadwira m'tauni yomweyi mu 1928, ndipo nyumba ya kwawo ilipo. Pa masiku a Khirisimasi enieniwo malo oterewa amatha kukhala otseka, choncho funsani kaye. Sitima yoyendera nthunzi ya ku Vișeu de Sus, yotchedwa Mocănița, imene imakwera chigwa cha Vaser panjanji yopapatiza yomangidwira kunyamula mitengo, ana amaikonda kwambiri. M'nyengo yozizira siyenda tsiku lililonse.

Kunena za kuzizira, musakuyese kwa ku Luton, ndipo kwa ku Dedza mu Juni musakutchule n'komwe. Kumatsika pansi pa ziro masana omwe, ndipo pofika hafu koloko ya folo madzulo dzuwa limakhala likulowa. Perete amatenga maola, inu mutangoima pachipale. Nsapato zochindikala pansi ndi sokosi za ubweya n'zofunika kuposa jekete lokongola. Ine ndinapita ndi nsapato za mutauni, ndipo pofika masana zala zakumapazi sindinkazimvanso. Ndinakagula sokosi zoluka pamanja kwa agogo ena pamsika, amene anandiseka osabisa.

Ngati mtima wanu uli pa zimbalangondo basi, zikhoza kutheka kuona zonse ziwiri: kuchoka ku Maramureș pa 28, kudutsa pa mpata wa Prislop, umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,400, kugona m'chigawo cha Bucovina, n'kukafika ku Comănești pa 30. Panjira mungaime pa nyumba ya amonke ya Voroneț, yomangidwa mu 1488, imene makoma ake akunja ali ndi zithunzi zabuluu wodziwika dziko lonse. Koma ngati bambo sanayendetsepo galimoto pachipale, komanso kudzanja lamanja la msewu, musayesere dala. Lembani dalaivala wa komweko, kapena mungokhala ku Bucovina, chifukwa midzi ya kumeneko nayonso imatulutsa zigoba, mbuzi ndi zimbalangondo zake pa 31 Disembala ndi pa 1 Januwale.

Munafunsanso ngati nyengo yotentha ili ndi zake. Ili nazo, ndipo kuyenda kwake n'kosavuta. Mu Meyi, m'mudzi wa Hoteni ku Maramureș komweko, amalemekeza mlimi amene anayamba kulima chaka chimenecho: anyamata amasenza magoli okongoletsedwa n'kumukoka mpaka kumtsinje kukamuthira madzi. Mwezi womwewo, kudera la Oaș, kuli Sâmbra Oilor, tsiku limene nkhosa zimakwera kumapiri. Mwambo umenewu ndimaukonda chifukwa ndi masamu enieni: aliyense amakama nkhosa zake, mkaka n'kuyezedwa anthu onse akuona, ndipo muyezo umenewo ndiwo unena kuchuluka kwa tchizi chimene adzalandire kwa abusa chilimwe chonse. Phwando limabwera pambuyo pa kuwerengerana. Mu Julayi, kumapeto kwa sabata loyandikira pa 20, pamwamba pa phiri la Găina m'mapiri a Apuseni pamachitika “msika wa atsikana”. Dzinalo lisakuopseni, palibe amene amagulitsidwa. Kale mabanja okhala motalikirana m'mapiri ankakumana pamenepo kuti achinyamata aonane ndi kukambirana za maukwati. Lero ndi nyimbo, misika ndi matenti, koma amayi oimba tulnic, lipenga lamtengo lalitali kuposa munthu, akadalipo, ndipo kulira kwake m'bandakucha kumadzutsa tsemwe. Mu Ogasiti kuli Hora de la Prislop, pa mpata womwe uja. Zikondwerero za m'chilimwezi zambiri zili ndi nsanja, zokuzira mawu ndi andale olankhula nthawi yaitali, ndiye musadabwe. Masiku ake amasuntha chaka ndi chaka, ndipo amene amadziwa tsiku lenileni ndi mwini pensiune wanu, osati intaneti.

Ku Bran, kunyumba yachifumu imene amaitcha ya Dracula, ine ndingakusiyeni osapitako. Ndi kutali ndi Maramureș, mzere ndi wautali, ndipo ubale wake ndi Vlad, kalonga wakale amene anthu amamugwirizanitsa ndi nthano ya Dracula, ndi wochepa kwambiri.

Za chakudya musade nkhawa, chifukwa mukakapeza nsima. Amaitcha mămăligă, ya chimanga chachikasu, amathiramo mchere, ndipo amadyera tchizi cha nkhosa ndi kirimu wowawasa. Mwini nyumba wina atamva kuti kwathu timadya yoyera tsiku lililonse, ndi manja, anaitana mkazi wake kuti adzamve yekha. Pa Khirisimasi pamakhala sarmale, nyama yokulunga m'masamba a kabichi wowawasa, soseji za nkhumba ija, ndi buledi wotsekemera wotchedwa cozonac. Mukafika isanakwane 25, mabanja ena amakhala akusala nyama, mkaka ndi mazira, kusala kumene kumayamba pa 15 Novembala. Chenjerani ndi horincă, kachasu wa maplamu wotcheza kawiri. Amakupatsani pakhomo lililonse, ngakhale m'mawa, ndipo mukamaliza kapu amadzazanso. Ngati simumwa, nenani poyamba pomwe, mukumwetulira, ndipo mugwiritse mawu anuwo. Akakakamiza kawiri katatu, kenako amakubweretserani madzi a zipatso.

Kumidzi imeneyi anthu akuda saoneka kawirikawiri. Adzakuyang'anani, ana adzakulozani, ena adzapempha kujambulitsa nanu. Kwa ine zinali za chidwi osati chidani, ngakhale tsiku lachitatu zimatopetsa. “Bună ziua” popereka moni ndi “mulțumesc” pothokoza zimatsegula makomo ambiri, ndipo pa chaka chatsopano aliyense amati “La mulți ani”. Polowa m'tchalitchi, mayi, tengani mpango wakumutu ndi siketi yaitali. Mukamayenda m'tinjira ta kuphiri m'chilimwe, agalu a abusa ndi oopsa kuposa momwe amaonekera: imani, musathamange, itanani mbusayo. Zimbalangondo zamoyo ziliponso zambiri m'dzikolo, ndipo zina zimaima m'mbali mwa msewu kudikira chakudya. Musatsike m'galimoto ndipo musaziponyere kanthu. Nambala ya ngozi ndi 112.

Pomaliza, mapepala. Romania inalowa kwathunthu m'dera la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, pa 1 Januwale 2025, choncho ngati muli ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, ndipo chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwake. Yambani kufunsira miyezi iwiri kapena itatu isanafike Disembala. Kuchokera ku Luton kuli ndege zopita ku Cluj-Napoca, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Maramureș ndi maola atatu kapena anayi pagalimoto. Musadzere ku Bucharest pokhapokha ngati mukufuna kugona usiku wonse m'sitima. Ndalama yawo ndi leu, osati yuro, ndipo kumudzi khadi siligwira ntchito paliponse, choncho tapani ndalama ku Cluj kapena ku Sighet, musunge timapepala ting'onoting'ono m'thumba la jekete. Oimba a pa 24 aja akagogoda, simudzafuna kuyamba kufunafuna chenji.