Zimene amapeza akaunika m'mimba ndi kamera

Achemwali, mtima m'malo. Kukutumizani ku endoscopy (kuunika m'mimba ndi kapaipi ka kamera kolowetsa kukamwa) chifukwa cha kutentha pamtima ndi kupweteka kwa m'mimba sikutanthauza kuti adokotala akuganizira khansa. Mwa anthu amene amaunikidwa ndi kapaipi ka kamera kaja pa vuto ngati lanuli, ambiri sapezeka ndi choopsa. Zimene zimaoneka kawirikawiri ndi kufiira kapena kutupa m'kati mwa chifu, komanso kusupuka kwa kummero chifukwa cha asidi wobwerera m'mwamba. Zilonda zenizeni, za m'chifu kapena poyambira matumbo aang'ono, zimapezeka mwa munthu pafupifupi 1 pa 10 alionse. Khansa ndiye siifika n'komwe 1 pa 100.

Ine anandiunika nditakhala maola 8 osadya. Anandipopera mankhwala a dzanzi kukhosi, pasanathe mphindi 15 zonse zatha. Anapeza kachilonda kakang'ono, natapa kanyama kokayeza, ndipo munali bakiteriya wa Helicobacter pylori, amene amayambitsa zilonda za m'mimba. Ndinkamwanso mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen pafupipafupi, osadziwa kuti ndikuwononga chifu changa. Mankhwala a masabata awiri anandithandiza kwambiri.

Koma mukasanza magazi, chimbudzi chikada bii ngati phula, chakudya chikamakakamira pomeza, kapena mukamaonda popanda chifukwa, chonde musadikire tsiku lokaunikidwa limene anakupatsanilo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.