Azakhali ako ankakuperekeza, mwanawe

Mnyamata wina amene amagwira ntchito ku Mzuzu wandilembera mtima uli m'mwamba. Akuti mwezi wathawu azakhali ake anamuimbira foni m'mamawa kuti, "Abambo ako matenda akula, nyamuka lero lomwe." Iye anakwera basi, ulendo wa tsiku lathunthu mpaka kwawo ku Dedza, atagula zipatso ndi bulangete latsopano loti akafunditse odwalawo. Pofika anapeza anthu ali kale pa siwa. Abambo ake anali atatisiya usiku, azakhaliwo asanagwire n'komwe foni ija. Ndiye akufunsa kuti: Agogo, kodi ilipo nthawi imene bodza limaloledwa? Mayi wa Chigwirizano ngati azakhali anga, n'kunama pa nkhani ya imfa?

Pepa mdzukulu wanga, pepa kwambiri. Bulangete lija ndikudziwa kuti likukupweteka kuposa zonse.

Koma wandifunsa za bodza, pamene ine ndimayembekeza kuti undifunsa kuti, pa nthawi imene mawu aja ankalowa m'khutu mwako, unali pati ndipo anali pambali pako ndani. Tayamba wakumbukira zimenezo. Unali pamudzi pa makolo ako, wakhala pansi, amalume ako ali uku, abale ako ali uko. Sunali wekha m'kachipinda ka lendi ku Mzuzu, ndiponso sunali pakati pa Chikangawa m'basi yodzaza ndi anthu osakudziwa.

Ine zinandichitikira mu 1978. Tinali pa esiteti ya fodya ku Kasungu kumene malemu amuna anga ankagwira ntchito, ine ndili ndi khanda la miyezi itatu kumbuyo. Munali m'dzinja, anthu ali kalikiliki kupalira. Masana ena ndinangoona amalume anga atulukira, atavala jekete lawo la kutchalitchi, matope ali m'miyendo. Ndinawayalira mkeka, kuwapatsa madzi, n'kugwada kuwapatsa moni. Iwo anayamba malonje monga mwa nthawi zonse. Anandiuza za mvula, kuti chaka chimenecho inayamba bwino. Anandiuza za mbuzi imene inadyedwa ndi fisi, za mlatho umene unakokoloka, za mwana wa uje amene anakwatiwa. Kumapeto kwenikweni ndi kumene anati, "Koma amako sakupeza bwino. Akukufuna."

Ndinafunsa kuti akudwala chiyani. Anati tikawaona komweko. Kenaka anati, "Phika nsima tidye, ulendo ndi wautali." Anandikakamiza kudya mpaka ndinamaliza mtanda wonse, iwo akundiyang'ana. Atatero anawaitanira amuna anga kuseri kwa chigafa, n'kuyankhula nawo motsitsa mawu.

Ukuganiza kuti sindinadziwe? Munthu wamkulu ngati ameneyo sasiya khasu m'munda mwezi wa Januwale n'kuvala jekete chifukwa cha malungo. Mtima unadziwa ndithu. Koma mawu oti "akukufuna" anandipatsa miyendo. Ndinatha kulongedza matewera, kukwera basi, kuyamwitsa mwana panjira, mkaka n'kumatuluka. Titatsika n'kuyamba kuyenda pansi, ndinaona masamba atayikidwa panjira yolowera kumudzi, ndi utsi wa mafuwa ambiri pamalo amodzi. Tisanafike pabwalo anatichingamira amayi atatu. Mmodzi anandimasula mbereko n'kutenga mwana uja, osanena kanthu. Awiri enawo anandigwira uku ndi uku. Apo m'pamene amalume anati, "Limba mtima, amako atisiya dzulo."

Ndinagwa pansi pomwepo. Ndikanagwa ndi mwana kumbuyo, kaya bwenzi zili bwanji. Mwana ameneyo lero ali ndi adzukulu ake.

Umu ndi mmene uthenga wa maliro unkayendera, ndipo unali ndi eniake. Munthu akatsirizika, akuluakulu ankayamba adziwitsa mwinimbumba, kenaka n'kukanena kwa amfumu, ndipo kubuma kunkadikira kuti zimenezi zitheke. Wotumidwa kukanena kutali sankasankhidwa mwachisawawa. Ankafuna munthu wodekha, wa pakamwa polemera, osati aliyense amene ali ndi njinga. Akafika kumeneko sankalunjika pakhomo pa namfedwa. Ankayamba wapeza wamkulu wa pamalopo, kaya ndi kapitawo, kaya ndi mkulu wa mpingo, n'kumunong'oneza, kuti pouza mwiniwakeyo pakhale anthu. Mayi wapakati, munthu amene ali gone pa mphasa, nkhalamba yofooka, amenewa ankawayendera mochenjera koposa. Ngakhale kwa amuna athu amene anali ku Joni ndi ku Halale, telegalamu yochokera ku positi ofesi kawirikawiri inkangoti matenda akula, bwerani msanga. Munthu wogwira ntchito pansi pa mgodi sungamuponyere mawu otere ngati mwala. Ndipo mawu enieniwo sitinkawatchula mwachisawawa. Tinkati kwagwa zovuta, tinkati watisiya, tinkati watsikira kuli chete.

Wanena za Chigwirizano, ndiye tiye titsegule Buku. Pa 2 Samueli 18, Abisalomu ataphedwa, Ahimaazi mwana wa Zadoki anapempha kuti athamange kukanena kwa mfumu Davide. Yoabu, mkulu wa asilikali, poyamba anamuletsa, n'kumuuza kuti mwana wa mfumu wafa. Choncho Ahimaazi ankadziwa. Koma atafika, Davide n'kumufunsa ngati mnyamata Abisalomu ali bwino, iye anangoti anaona chipwirikiti chachikulu koma sanadziwe kuti n'chiyani. Mkusi amene anabwera pambuyo pake nayenso sanatchule mawu oti wafa, anazungulira ponena kuti adani a mfumu akhale ngati mnyamatayo. Sindikunena kuti Buku likumuyamikira Ahimaazi, zimenezo ukafunse abusa. Ndikungokuonetsa kuti kulemera kwa lilime pamaso pa kholo kapena mwana wa womwalira sikunayambe ndi azakhali ako. Ndipo lamulo lija tinaloweza ku sukulu ya Sande likunena za kumunamizira mnzako, kumusenzetsa mlandu umene sanapalamule. Azakhali ako anakusenzetsa chiyani?

Usandimve molakwa, sindikutsegulira bodza khomo. Mawu a amalume anga aja anali ndi malire ake. Sanagone masiku, anatha tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Amene anawanena ndi yemwenso anaima pamaso panga n'kunena zoona, sanathawe. Ndipo sanapindulepo kanthu, anangotaya tsiku la kumunda ndi ndalama ya basi. Bodza limene umadya nalo ndiwe, mnzako n'kumalira, limenelo ndi bodza basi, ngakhale ulidzoze mafuta.

Zimandiwawa kuti mawu omwewa ana a masiku ano mwawasandutsa mbedza. Wina akafuna ndalama ya mowa kapena ya foni yatsopano, amaimbira mchimwene wake ku Johannesburg kuti amayi matenda akula, tumizani ya chipatala, pamene amayiwo ali kudimba akuthirira mpiru. Akatero kawiri katatu, tsiku limene matenda adzakuledi, wakutaliyo amati ndi zomwe zija, sanyamuka. Mawu amene makolo anasungira tsiku limodzi loopsa atha mphamvu chifukwa cha anthu otere.

Ndiponso ife akuluakulu tisadziyeretse. M'zaka za m'ma 1990, matenda a Edzi atavuta, tinabisa zimene sizinayenere kubisidwa. Mwamuna ankadziwa za m'thupi mwake koma osamuuza mkazi wake, ife n'kumati ndi chifuwa, ndi kaliwondewonde, mwina amulodza. Tinkati tikusunga ulemu wa banja, koma tinaika m'manda anthu amene akanapulumuka. Kumeneko kunali kunama koipa, ndipo ndimakumbukira maina awo mpaka lero. Chinsinsi chimene chikuika moyo wa mnzako pa ngozi usachisunge, mwanawe, ngakhale akuuze ndi munthu wa imvi.

Koma taona zimene zalowa m'malo mwa mthenga uja. Munthu akangotseka maso m'chipatala, thupi lisanazizire, wina wajambula kale chithunzi, waika pa WhatsApp ndi pa Facebook, kakandulo kali pambali. Mwinimbumba sanamve, amfumu sanamve, mwana wa malemuyo ali pa ntchito. Amatsegula foni nthawi ya nkhomaliro n'kuona nkhope ya amayi ake anthu osawadziwa akulemba kuti ause mumtendere. Wina amaona ali pa chiwongolero, wina ali pamwamba pa nyumba akukhoma malata, wina ali yekhayekha kudziko la eni kumene kulibe ngakhale womugwira phewa. Woika chithunziyo ukamufunsa amati, "Nanga ndanama?" Sananame ayi. Koma sanamasule mbereko. Kale ngakhale mauthenga achisoni a pa wailesi ankapita abale apafupi atamva kale, kuti afikire akutali amene sitikanatha kuwapeza. Lero aliyense akufuna akhale woyamba kunena, ngati pali mphotho. Sindidana nazo mafoni, inenso adzukulu anandigulira yanga ndipo imandithandiza. Chimene ndimadandaula n'choti chala chimathamanga kuposa mtima.

Azakhali ako anali ndi foni m'manja m'mawa umenewo. Akanatha kungonena mawu atatu n'kudula. Mlongo wawo weniweni anali atagona m'nyumba, iwonso misozi ili m'maso, koma anameza kulira kwawo kuti mawu asanjenjemere, kuti iwe usamve. Ndikukhulupirira kuti anayendanso kuuza achinyamata a pamudzipo kuti pasapezeke woika kanthu pa foni mpaka iwe utafika, chifukwa ukanaona uli panjira. Ntchito imeneyo si yaing'ono masiku ano. Sanathe kukwera basi kudzakutenga monga anachitira amalume anga, ndiye anatuma mawu oti akuyendetse.

Mwina ukuti ukanakonda kudziwa kuti ukonzekere. Ndikumva. Anthu timasiyana, ndipo ena amafunadi kuuzidwa mosabisa. Ngati ndiwe wotero, uwauze abale ako mwaulemu, maliro akazizira, kuti tsiku lina zikadzachitika adzakuuze zoona koma adzayambe apeza munthu wokhala nawe pafupi. Amva.

Wati chichokereni kumaliro sunawaimbire azakhaliwo. Ukapita kumudzi ulendo ukubwerawu, uyambire pakhomo pawo usanafike kwina kulikonse. Utenge shuga ndi sopo, ndipo bulangete lija, ngati ukadali nalo, uwapatse iwowo, ku Dedza kumazizira. Ukhale pansi, upereke malonje bwinobwino osathamanga. Ukatero uwafunse kuti abambo ako ananena zotani usiku womaliza uja, chifukwa iwo ndi amene analipo.