Bambo anu asafe ndi njala poopa impso

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera kuti bambo awo ayamba dialysis, chithandizo chosefa magazi ndi makina impso zikasiya kugwira ntchito. Funso lawo ndi lalifupi: "Aliyense akutiuza zoti asadye. Nanga adye chiyani?"

Achemwali, funso lanuli landikumbutsa atsibweni anga. Iwo anakhala zaka zambiri ndi BP komanso shuga, matenda awiri amene amapha impso za anthu ochuluka. Adokotala atangonena kuti impso zasiya kugwira ntchito, banja lonse linasanduka madokotala. Azakhali analetsa nyama. Apongozi analetsa mazira, ati amawonjezera kutupa. Mkulu wina wa kumpingo anabwera ndi chigubu cha madzi a mizu. Munthu amene ankamaliza mitanda itatu osapuma anatsala ndi phala lopanda mchere, lopanda shuga, m'mawa ndi madzulo. Anaonda mpaka lamba anasowa pobowola, ndipo aliyense mwa oletsawo ankapita kwawo ali wokhutira kuti wasamalira wodwala.

Ndinene mosapsatira: kumeneko ndi kuzunza munthu. Makina a dialysis akamasefa magazi amachotsa zoipa, koma amatenganso zina zomanga thupi. N'chifukwa chake munthu wa pa dialysis amafunika zomanga thupi zochulukirapo, pafupifupi magalamu 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku. Amene amauzidwa kuti achepetse nyama ndi uja impso zake zafooka koma sanayambe kupita ku makina. Malangizo a anthu awiri osiyanawa timawasakaniza, wodwala n'kumavutika.

Za mizu zija zimandipsetsa mtima mpaka lero. Pa Facebook ndi m'maminibasi mwadzaza ogulitsa mankhwala "otsuka impso". Impso yakufa sitsukidwa. Chimene wamwa munthuyo, thupi lake lilibe njira yochitulutsira, chimangounjikana m'magazi. Ngakhale chammwamba, chimene timachitama kuti chimachiza chilichonse, chili ndi potassium wambiri, chinthu chopezeka m'zakudya chimene impso zabwinobwino zimachotsa chikachuluka m'magazi. Nawo brufen, indocid ndi diclofenac, amene timangogula pa golosale msana ukawawa, amawononga kamphamvu kochepa kamene impso zatsala nako.

Potassium ameneyu ndiye woopsa kuposa nyama imene tikulimbana nayo. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 m'magazi. Akapitirira 6, mtima ukhoza kusokonezeka kapena kuima, nthawi zina popanda chenjezo lililonse. Ndipo ngati bambo amapita ku makina kawiri pa sabata m'malo mwa katatu, masiku oti aunjikane ndi ambiri. Chimene mapepala a malangizo olembedwa kunja sangakuuzeni ndi chidulo. Madzi a phulusa aja amene timathira mu therere kapena mu nkhwani kuti zifewe ndi potassium weniweni. Kwa atsibweni, apongozi amene ankaletsa mazira aja ndi omwewo ankaphika therere la chidulo, ati ndi lofewa, wodwala ameza mosavuta. Soda wa m'sitolo nayenso ndi sodium, m'bale wake wa mchere. Ndipo mukaona m'shopu mchere wolembedwa kuti uli ndi sodium wochepa, usiyeni pomwepo, chifukwa m'malo mwa sodium amaikamo potassium.

Tsono mumphika muike chiyani

Nsima adye. Ya ufa woyera ndiyo yabwino kwa iwo kuposa ya mgaiwa, ngakhale kwa ife ena timanena zosiyana. Mpunga ulibe vuto, kungoti ngati alinso ndi shuga muyezo usamalike. Ndiwo: nkhuku, nyama yatsopano, chambo kapena nsomba ina yaiwisi yochotsa minga, mazira makamaka choyera chake. Usipa, matemba ndi kapenta timadya ndi minga yomwe, ndiye zimadzaza phosphorus, amene akachuluka m'magazi amafooketsa mafupa ndi kuyabwitsa khungu. Coca-Cola ndi zakumwa zina zakuda za mtundu umenewo chimodzimodzi. Kabichi ndi wabwino. Masamba ena, mbatata ndi kachewere, dulani tizidutswa, wiritsani m'madzi ambiri, madziwo tayani, kenako kazingani ndi anyezi ndi adyo. Nthochi, mapeyala, tomato wambiri, nyemba ndi nsinjiro zichepe kwambiri. Chinanazi ndi apulo angadye pang'ono. Mchere usafike pa supuni yaing'ono imodzi tsiku lonse, kuwerengera ndi wa mu Royco, soseji ndi buledi.

Madzi ndiwo amavuta kwambiri, makamaka mu Okutobala. Kawirikawiri amaloledwa kuchuluka kwa mkodzo wa dzulo kuphatikizapo 500 ml, ndipo tiyi, thobwa, phala ndi msuzi zonse zimawerengedwa. Akadandaula ludzu, apatseni kachidutswa ka ayisi ayamwe, kapena achukuche m'kamwa n'kulavula.

Ulendo wotsatira wa ku dialysis mupite nawo. Funsani anamwino manambala a potassium ndi phosphorus a bambo, muwalembe m'kope, ndipo mupemphe kuonana ndi katswiri wa zakudya. Ngati potassium wawo ali bwino, zina mwa zimene ndatchulazi akhoza kuwalola. Azakhali a kwanuko muwatengenso, akadzimvere okha.