Kodi Mankhusu a Mpunga Angayeretsedi Madzi a M'fakitale?

FUNSO: Ndili ndi dimba m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi, kumunsi kwa mafakitale. Masiku ena madzi amabwera ndi thovu komanso fungo. Mwana wanga akuti adamva kusukulu kuti mankhusu a mpunga ndi zitsononkho zimachotsa poizoni m'madzi. Kodi ndizisefera madzi othirira mpiru wanga? (Mlimi wa dimba, Blantyre)

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo sadaname. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo phunziro limeneli ndimalikonda kwambiri.

Thovu ndi fungo sizindiopsa kwenikweni. Chondidetsa nkhawa ndi zitsulo zosungunuka monga mtovu, cadmium ndi chromium, zomwe zimachokera m'mabatire, mu penti ndi kofufutira zikopa. Sizioneka, sizinunkha, ndipo kuwiritsa madzi sikuzichotsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtovu usapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi.

Mankhusu, zitsononkho ndi makoko a mtedza zili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo zitsulozi zimakanirira pamenepo ngati chisoso pa chitenje. Mukaziwotcha potsekera mpweya mpaka zisanduke makala, zimagwira koposa. Ngakhale kuno kwathu, akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba adayesa ufa wa njere za cham'mwamba ndipo adapeza kuti umachotsa mtovu m'madzi.

Komatu iwowo amayeza chilichonse: kuwawasa kwa madzi, kuchuluka kwa ufa, ndi nthawi yoviika. Mankhusu amakhuta. Akakhuta, madzi amangodutsa ndi poizoni wake, inu n'kumaona ngati ndi oyera. N'chifukwa chake sefa yotere malo ake ndi pa paipi ya fakitale, madzi asanagwere mumtsinje, osati padimba panu. Zimandiwawa kuona milu ya mankhusu ikungofuka pazigayo za mpunga ku Karonga pamene ikadagwira ntchito imeneyi.

Inuyo gwirizanani ndi anzanu a madimba mukadandaule ku khonsolo ya mzinda kuti madziwo ayezedwe. Ndipo ngati mwayamba kale kusefera, chonde mankhusuwo musathire m'khola, pa manyowa kapena pamoto wophikira. Mtovu wonse uja uli momwemo, ndipo ubwerera mu ndiwo za ana anu.