Za ejenti woyang'anira nyumba ya lendi

Achemwali, mwafunsa za ejenti woti azikuyang'anirani nyumba ya ku Area 49 inu muli ku Leeds. Ndiyankha ngati munthu amene zinamuonekerapo.

Ndalama ya lendi isadzere m'manja mwa ejenti. Tenanti aziika yekha mu akaunti yanu ya kubanki, inu muzimutumizira ejentiyo gawo lake pa Airtel Money kapena Mpamba. Akayamba kuzungulira kuti "kwathu sititero", musiyeni, funani wina.

Ine ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Chilomoni. Popita ku Joni mu 2021 ndinaisiya m'manja mwa bambo wina wokhala ndi ofesi yake m'tauni, chidindo chilipo, kalankhulidwe kaulemu. Chaka choyamba zinkayenda bwino. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iye anakweza lendi kuchoka pa K180,000 kufika pa K250,000 osandiuza, ine n'kumalandirabe yakale ija. Kenaka zinayamba nkhani: mwezi uno tenanti ali ndi maliro, mwezi winawo giza waphulika, tadula ndalama yokonzera. Nditabwera pa Khirisimasi ya 2024 ndinapita kukagogoda ndekha. Mayi wa m'nyumbamo anandikhazika pansi n'kutulutsa malisiti onse m'jumbo, sanaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe. Giza anali yemwe uja ndinamusiya, sanakhudzidwe n'komwe. Ku khonsolo nako ndinapeza ma city rates, msonkho wa nyumba, a zaka ziwiri osalipidwa. Ndalama yoposa K1 miliyoni inapita, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa chifukwa mayi uja ndinkamunenera zoipa pa foni asanalakwe chilichonse.

N'chifukwa chake nambala ya tenanti mukhale nayo inuyo, ndipo muziyankhula naye ngakhale kamodzi pa miyezi iwiri. Ejenti wosafuna kuti mudziwane ndi munthu wogona m'nyumba mwanu ali ndi chomwe akubisa.

Pa mtengo, ambiri amatenga cha m'ma 10 peresenti ya lendi mwezi ndi mwezi. Kukupezerani tenanti watsopano ena amalipiritsa padera, ndiye mumvane zimenezo poyamba ndipo zilembedwe. Lendi ya miyezi itatu yoyambirira ija ndi dipoziti zilowenso kwa inu. Pamenepo ndi pomwe ambiri amadyera, poti ndalama imabwera yambiri nthawi imodzi.

Zokonzakonza muike malire. Ine pano chilichonse choposa K50,000 ejenti sachita ndisanaone chithunzi pa WhatsApp, ndipo akamaliza ndimafuna chithunzi china ndi lisiti ya kuhadiweya. Magetsi savuta ngati mita ya ESCOM ili ya maunitsi. Madzi ndiye samalani: ngati mita si yolipiriratu, bilu ya Lilongwe Water Board muziiona mwezi uliwonse, chifukwa tenanti akasamuka ngongole imatsala pa nyumba yanu. Mapepala enieni a nyumba musapatse aliyense, fotokope ndi yokwana.

Madobadoba otsatsa nyumba pa Facebook aja ntchito yawo ndi kulozera munthu nyumba n'kulandira yawo, kuyang'anira sangathe. Funani wolembetsedwa, mumufunse ngati ali membala wa Surveyors Institute of Malawi, bungwe la akatswiri a za malo ndi nyumba, ndipo akupatseni eni nyumba awiri amene amawagwirira ntchito muwaimbire nokha.

Amene akuti "ingosiyirani m'bale wanu" ndikuona kuti sanayesepo kufunsa mlamu wawo ndalama ya lendi ya miyezi inayi. Ejenti mutha kumuchotsa ndi kalata imodzi, koma m'bale nkhani yake imakafika kwa amalume. M'bale mumutume kukaona nyumba basi, makamaka mu Okutobala mvula isanayambe, akayang'ane malata, ngalande ndi chiswe m'mafelemu a zitseko.