Newcastle ili ndi ndalama za Saudi, nanga bwanji sikugula aliyense amene ikumufuna?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Matero, kwa wotsatira Newcastle. Akuti timu yawo inagulidwa mu 2021 ndi gulu lotsogozedwa ndi thumba la chuma cha boma la Saudi Arabia, ndiye n'chifukwa chiyani sikukokolola osewera monga inachitira Chelsea atabwera mwini wake wolemera Abramovich mu 2003, kapena Manchester City kuyambira 2008?

Achimwene, eni timu yanu anachedwa kufika. Nthawi imene Abramovich anabwera panalibe wofunsa mwini timu kuti wawononga zingati. UEFA, bungwe la mpira ku Ulaya, inavomereza malamulo a zachuma otchedwa Financial Fair Play mu 2009, kenako Premier League inaika akeake, akuti kalabu isaluze ndalama zopitirira mapaundi 105 miliyoni pa zaka 3. Everton itapyola malirewa inalandidwa mapointi 10 mu November 2023, ndipo itachita apilo anatsika kufika pa 6. Nottingham Forest inalandidwa 4 mu March 2024.

Chimene lamulo limayang'ana ndi ndalama zimene kalabu yapeza yokha: za pageti, za TV, za masiponsa, ndi zogulitsa osewera. Za m'thumba la mwini, kaya zichuluke bwanji, zimathandiza pang'ono chabe. Kunena zoona, cholinga chake n'chabwino, chifukwa Portsmouth inatsala pang'ono kutheratu ndi ngongole mu 2010. Koma taganizani amene lamuloli likumukomera. Manchester United ndi Liverpool amagulitsa majezi dziko lonse, ngakhale ku Kamwala kuno mupeza awo ali mbwee (kaya ndi enieni, imeneyo ndi nkhani ina). Wopeza zambiri amaloledwa kuwononga zambiri, n'kupambana, n'kupezanso zambiri. City inakula lamulo lisanalume, ngakhale kuti mu February 2023 ligi inaiimba milandu 115 yokhudza malamulo a zachuma, imene iyo inakana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ana a ku akademi. Mwana amene mwamulera nokha simunamugule, choncho mukamugulitsa mtengo wake wonse umalowa m'mabuku ngati phindu. N'chifukwa chake pakati pa 2024 Newcastle inagulitsa Elliot Anderson, mwana wa pakhomo, ku Forest, ili ndi eni olemera chonchi. Kuli ngati kugulitsa mbewu kuti ubweze ngongole ya feteleza.

Mudzati nanga Leicester, timu yaing'ono imene inatenga ligi mu 2016? Zinachitikadi, kamodzi. Mu 2023, Patson Daka wathu ali komweko, inatuluka mu ligi.

Kuno kwathu ku Zambia mafunso ake ndi ena. Sitifunsa kuti kalabu yapeza zingati, timafunsa kuti akuidyetsa ndani. Zanaco ili ndi banki, ZESCO United ili ndi kampani ya magetsi, Power Dynamos ili ndi CEC (kampani ina ya magetsi), Red Arrows ndi ya asilikali a ndege, Green Buffaloes ndi ya asilikali a pansi. Ndalama za pageti zokha sizingalipire osewera mwezi ndi mwezi. Migodi ili m'manja mwa ZCCM, kampani ya boma, matimu a ku Copperbelt anali kudya bwino, ndipo itagulitsidwa cha m'ma 2000 thandizo linachepa. Mufulira Wanderers, imene yatengapo ligi ka 9, inaitenga komaliza mu 1996. ZESCO United, imene kale sitinkaiwerengera n'komwe, inatenga yoyamba mu 2007.